Imelo ya Alamu Isapite

Pamzere wa kwa okonza makompyuta, mayi wina wosoka zovala anafukata laputopu yake ngati mwana wodwala. Bambo wina amene anaima kumbuyo kwake anayamba kumucheza.

"Yatani, mayi?"

"Maimelo sakuchoka, achimwene. Ndikadina kuti apite, akungounjikana m'bokosi la zotumiza. Makasitomala akudikira zithunzi za madiresi."

"Munasintha pasiwedi posachedwapa?"

"Ndinasinthira pafoni."

"Basitu. Iyi ikutsegulabe ndi kiyi wakale. Mukangolowetsa yatsopanoyo, onse apita nthawi imodzi."

"Onse?"

"Palibe yotsala."

Mayiyo anagwira pakamwa.

"Mulitu ya alamu anga mmenemo. Anandiphera makina osokera, ndiye ndinawalembera mtima uli m'mwamba. Ndinawauza kuti manja awo ndi a kukhasu basi. Koma dzulo abwera nawo okonzakonza, mpaka tinamwera limodzi tiyi. Ndinkadabwa kuti munthuyu bwanji sakukwiya."

"Ndiye kompyuta yanuyi ndi nkhoswe yabwino. Fufutani kaye imeneyo musanasinthe chilichonse."

Mayiyo anaseka, n'kukakhala pabenchi.

"Dutsani, achimwene. Ine ndiyambe ndakambirana nayo nkhosweyi."