Laisensi Imene Munandipempherera

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Tisa, mtsikana uja wa pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera. Sindine wolankhula. Lero mundipirire.

Makolo anga anamwalira ndisanasunge nkhope zawo. Anandilera ndi ambuya anga, agogo awo avala duku lobiriwira apo, m'kanyumba kathu ku Kabwata. Ndili mwana ndinkakhala pakhonde, n'kumayang'ana mawaya a magetsi. Waya achoke panyumba, afike pamtengo, achoke pamtengo, alowe kwa aneba. Ndinkawatsata ndi maso mpaka asowe m'fumbi la kutauni. Mumtima ndinkafunsa: nanga waya wanga ine anadukira pati?

Ku yunivesite, kafukufuku wanga anali wa mawaya omwewo, koma osaoneka. Abale, pulogalamu ya pakompyuta siima yokha. Imatsamira pa inzake, inzakeyo pa inanso. Ine ndinkajambula kutsamirana kumeneku pa mapulogalamu olembedwa kuno kwathu. Pasikirini zinkaoneka ngati ukonde wa kangaude mame atagwa. Ndinkatha kuuyang'ana mpaka tiyi kuzizira.

Pakati pa ukondewo panali kapulogalamu kakang'ono. Mapulogalamu ambiri ankatsamira pa iko, ngakhalenso chida chimene ndinapanga chofufuzira. Anakalemba ndi bambo wina wa ku Chelstone, a Tembo, koma anali atasiya kukasamala. Kapulogalamu kotere, anthu a ntchito yathu amati ndi kamasiye. Inde, amatero ndithu. Nditaona mawuwo pafupi ndi dzina lake, ndinakumbukira makolo anga.

Tsiku lina aphunzitsi ondiyang'anira anandiitana. "Tisa, kanthu aka kalibe laisensi." Laisensi, abale, ndi chilolezo cha mwini wake choti aliyense agwiritse ntchito, asinthe, agawireko ena. Popanda chimenecho, lamulo limati n'ka mwini yekha. Aphunzitsiwo anati, "Ntchito yako sitingaitulutse chonchi. Ndipo ikapanda kutuluka, chaka chino sumaliza."

Ndinalembera a Tembo. Zii! Ndinalembanso. Zii! Kulemba kena m'malo mwake, nthawi inali itatha. Chakudya chinaleka kukoma. Ndinkakwera minibasi ngati ndikupita kusukulu, n'kutsikira m'tauni, n'kumangoyenda, maso ali kumwamba pa mawaya. Ndinkati: Mulungu, wadukanso. Wadukanso!

Ambuya anandiona. "Iwe, vuto ni chani?"

"Laisensi, ambuya."

"Laisensi chabe?"

Lamlungu anaimirira pano pomwe. "Mupempherereko muzukulu wanga, afuna laisensi!" Ndipo munapemphera, abale. Munapemphera mwamphamvu! Mayi wina anapempha kuti manja anga asanjenjemere pa chiwongolero. Wina anati Mulungu atchinjirize mipanda ya anthu. Ine pabenchi paja ndinangoweramitsa mutu.

Titatuluka, ba Daka, mbale wathu woyendetsa minibasi, anandipeza pansi pa mtengo wa jakaranda. "Sisi, osadandaula, nizakuphunzisani ine. Chivuta ni kubwelela kumbuyo chabe."

Ndinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinawafotokozera zonse.

"Ba Tembo ba ku Chelstone? Ni njila yanga iyo. Lekani nifunse."

Anafunsa kondakitala. Kondakitala anafunsa mayi wogulitsa tomato pamsika. Mayiyo anafunsa mnzake wa mukwaya. Waya, mtengo, waya, mtengo, mpaka pachipata china chofiira.

Ndinapita kukagogoda. Anatsegula ndi mayi Tembo. Nditatchula amuna awo, anati, "Mwana wanga, ba Tembo banatisiya." Anandilowetsa m'nyumba. Kompyuta ya malemu inali pakona, yofunda chitenje. Ndinatsegula yanga, n'kuwaonetsa ukonde uja ndi kadontho ka pakati.

"Aka ndi ka bambo," ndinatero. "Ena onsewa atsamira pa iko."

Anagunda kadonthoko ndi chala, pang'onopang'ono, ngati akudzutsa mwana. "Ine ninali kubakalipila ati musiliza malaiti. Kansi kakali moyo?"

"Kakali moyo, amayi. Koma chilolezo chatsala m'manja mwanu."

Sanayankhe tsiku lomwelo. Anayamba akambirana ndi ana awo, anabweranso kudzamva kwa aphunzitsi anga. Atamvetsa, anavomera kuti kakhale ka aliyense, dzina la amuna awo lisachotsedwepo. Kenaka anatiyang'ana tonse, ine ndi aphunzitsi. "Manje, azakasunga ni ndani?"

Ine amene sindilankhula, ndinamva mawu anga akutuluka okha.

"Ine, amayi."

Abale, tamandani Mulungu! Ntchito inatuluka. Ndinamaliza. Lero ndimaphunzitsa ophunzira atsopano, ndipo Loweruka ndimakonza kapulogalamu ka a Tembo. Anthu amene sindinawaonepo amalemba, akuti apa pavuta, ine n'kukonza. Mayi Tembo amandiimbira foni kufunsa ngati kadya. Zikomo ba Daka. Zikomo inu nonse amene munapempherera laisensi yolakwika, Mulungu n'kumva yoyenera. Zikomo ambuya, ngakhale mpaka lero mukufunsabe kuti galimoto ibwera liti.

Pamene panalembedwa kuti kamasiye, mawuwo anafufutidwa. Palembedwa dzina la wokasunga. Tsiku limenelo ndinawaonetsa ambuya pasikirini, ndinawawerengera. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Osakagoneka na njala."

Amen.