Timasokosi pa Maluwa

Tsikulo ntchito zinali pakhosi: mbale za dzulo, madzi oti nditunge, mwana woti apite kusikelo. Pochoka ndinauza bambo a mwana kuti atole zovala zonse za mwana zimene zili panja, achape. Ndinaiwala kuti maluwa anga akutchire, omwe ndinawazula m'mbali mwa msewu asanathirepo phula n'kuwadzala pakhomo, ndinali nditawaveka timasokosi ta mwana kuti njere zikauma zisapite ndi mphepo. Duwalo kwina kulikonse silikupezekanso.

Pobwera ndinapeza maluwa ali mbulanda, timasokosi tili ndandanda pachingwe.

"Mayo ine! Bambo a mwana, mwatani?"

"Ndachapa," anatero, manja ali m'chiuno. "Taonani kuyera kwake."

"Timeneto tinali pamaluwa!"

"Eya. Maluwawo ali panja. Munati zonse zili panja."

"Inu kuona duwa litavala sokosi, osadabwa?"

"Kudabwa ndinadabwa. Koma ndikafunsa mumati ndimachulutsa mafunso."

"Munali njere m'menemo! Njere zanga!"

"Tinthu takuda tija? Aa, ine ndimayesa zitosi za makoswe."

Ndinakhala pachidebe. Mwana kumsana akungoseka.

"Mwataya kuti?"

"Kutaya ayi. Munati sokosi izikutumulidwa isanalowe m'beseni. Ndinakutumula."

"Kuti, bambo inu? Kuti?"

"Munati mukasesa pakhonde pasagwe kanthu. Ndiye ndinapita paja munatipula dzulo."

"Pakadimba kanga?"

"Pomwepo. Madzi otsukuluzira ndathiranso pomwepo, paja mumati madzi sataya."

Ndinadzambatuka, liwiro mpaka kuseri kwa nyumba, iwo akunditsatira. Dothi lonyowa bwinobwino, apa ndi apo kanjere kakuda kakusuzumira.

"Nanga mapazi awa ndi a ndani?"

Anakanda m'mutu. "Anga. Ndinapondaponda kuti zitosizo musazione."

Kuseka kunandigwira mpaka mwana anadzidzimuka, kenako nayenso anayambiranso.

"Bambo a mwana! Mwafesa, mwathirira, mwakwirira! Ntchito yanga ya mawa mwaimaliza!"

"Ayi, ayi, musandinamizire," anatero akubwerera cham'mbuyo. "Maluwa anu sindinawadzale ine. Munati ndisamakhudze dimba lanu."

"Ndikukuthokozanitu!"

"Mukuthokoza lero, mawa mudzati ndani anakutumani. Ine ndachapa basi."

Ndinapukuta misozi, ndinayanula timasokosi tija n'kuwaikira m'manja.

"Chabwino, mwachapa basi. Sungani bwino timeneti. Chaka chamawa mudzachapanso."