Mwaononga Dameji Yanga

Ine Dunstan Chishimba wa ku Kabwata ndimagulitsa majinzi pa msika wa pa intaneti, kumene madandaulo a ogula akakwana atatu sitolo yako amaitseka faifi koloko ya tsiku lomwelo, ndipo awiri ndinali nawo kale: la zipi yokana kukwera ndi la zipi yokana kutsika. Choncho lachitatu litalowa, lolembedwa ndi mayi wina wa ku Chelstone, ndinavala thalauza langa la ukwati, lija ndinalisoketsa chimimba chisanandimere, n'kukwera minibasi ziwiri kuti ndikawanyengerere alichotse isanakwane faifi koloko.

Ndinawapeza pakhonde, tepi yopimira zovala ili m'khosi, makina osokera ali pambali. Anansi amawatchula kuti bana Lubuto.

"Muli shani, mami? Ndine Dunstan, uja wa majinzi."

"Eya, ndimwe? Nkalani apo. Pepani na katundu wanu."

"Pepani ya chani, mami?"

"Unafika woonongeka. Maondo yonse yabili, na pa nchafu apa. Uja bambo wa njinga yamoto anabweletsa, ali bwino?"

"Ali bwino. Chifukwa?"

"Ninaganiza anagwa nayo. Namupemphelela masiku yabili."

"Mami, jinzi inali mu pulasitiki. Sanavale."

"Ndiye vamene vinanidabwisa. Pulasitiki yonse bwino, maondo kulibe."

Ndinakhala pampando mosamala, chifukwa thalauza la ukwati silifuna zinthu zadzidzidzi. Ndinamwetulira kumwetulira kwa munthu wodziwa zinthu.

"Mami, jinzi ija siyoonongeka. Ni dameji."

"Dameji."

"Eya."

"Dameji m'chizungu ni chani?"

"Ni... kuonongeka."

"Ndiye vamene nalemba."

"Awe, mami. Pali dameji, elo pali dameji. Yanga ni dameji ya fashoni. Ninalemba pansi pa chithunzi, na malemba yakulu: DAMEJI JINZI. Simunaone?"

"Ninaona. Ninaganiza ni zina la kampani."

"Kampani?"

"Ma kampani ya masiku ano yali na mazina yachilendo. Elo pa chithunzi jinzi inali yopinda. Maondo munayabisa pansi."

"Sininabise, ninapinda chabe."

"Mwandi. Ine ninagulila bashi Lubuto, bamuna banga, ya kuvala ku munda ku Lilayi. Banavala, banaimilila apa pamene mwankala. Ba elda ba mu chalichi, maondo panja monga mwana wa giledi wani. Zaka makumi yatatu na zisanu m'chikwati, maondo yabo sininayaonepo pa zuba."

Ndinayang'ana foni. Inali itadutsa folo koloko.

"Mami, bantu ba ndalama ba ku Kabulonga bagula izi na mtengo wokwela kupambana jinzi yosang'ambika."

"Ku Kabulonga kulibe matelala?"

"Yaliko."

"Kanshi ni ulesi."

"Ni fashoni."

"Ba na mamotoka bayenda na vong'ambika, ise ba minibasi tiyenda na vosoka. Ndiye chifukwa beve bali na mamotoka, ndalama za ulusi basunga."

Ndinaona kuti njira iyi sitifika. Wogulitsa wanzeru sakangana ndi wogula, amangobweza katundu wake n'kukagulitsa kwa wina.

"Chabwino, mami, tichite so. Nibwezeleni jinzi yanga, ine nikubwezeleni ndalama zanu, imwe muchose komplenti. Koma lamulo la msika ikamba ati katundu ubwele monga mwamene unafikila."

"Musade nkhawa, naisamala bwino."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jinzi yosita, yopinda ngati nsalu ya patebulo la mgonero. Anaitambasula pamiyendo panga. Ndinafuna maondo, osawapeza. Ndinaitembenuza kuti mwina ndikuyang'ana kumbuyo. Paliponse pamene panali bowo panali ulusi wabuluu wolukidwa bwino, wofanana ndi nsalu, moti pakanafunika tochi kuti uone pamene panang'ambika. Mtima wanga unawawa ngati ndaferedwa.

"Mami, mwachita chani?"

"Nasoka. Palibe kulipila."

"Mwaononga dameji yanga."

"Naononga?"

"Mwaononga."

"Paliko pamene nasiya?" Anavala magalasi n'kuwerama. "Nionetseni, ulusi ukaliko."

"Palibe pamene mwasiya, ndiye vuto."

"Manje imani. Jinzi inabwela yoonongeka."

"Inabwela yabwino."

"Na mabowo."

"Eya."

"Ine naikonza."

"Mwaiononga."

"Pochosa mabowo."

"Eya."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi chitenje, n'kundiyang'ana ngati mmene namwino amayang'anira wodwala amene akuti ali bwino.

"Ba Dunstan, mwadya lelo?"

"Nadya. Mami, ningagulise bwanji iyi? Nilembe ati chani, dameji yosaonongeka? Mabowo yaja yanapangiwa na makina yapadela, ku fakitale ya kunja. Muno mu Zambia makina yamene yaja kulibe."

"Makina?"

"Ya kompyuta."

"Ya manzele?"

"Pepani?"

"Makina yamene yaja, yagwila nchito na zanja la manzele?"

Apa m'pamene ndikanafunsa kuti mayiwa ankagwira ntchito yanji asanapume. Sindinafunse, anandiuza okha.

"Ine nagwila zaka makumi yabili na zisanu na chimozi ku fakitale ya zovala ku Heavy Industrial. Nchito yanga inali kuyang'ana chovala chilichonse chikalibe kuchoka pa geti. Chabwino ku lamanja, choipa ku lamanzele. Bowo ya makina niiziba, bowo ya koswe niiziba, bowo ya msumali niiziba. Iyi ni lezala. Lezala yobuntha, yochoka uku kubwela uku. Muntu wa manzele."

Ndinasamutsa foni kuchoka m'dzanja lamanzere kupita m'dzanja lamanja, pang'onopang'ono.

"Ku mafakitale ya kunja balembanso ba manzele, mami."

"Elo anazicheka. Pafupi na thumba panali magazi pang'ono, nachapa na sopo. Chala chanu icho mwamanga chachita bwanji?"

"Chitseko cha minibasi."

"Pepani. Chitseko chakuthwa."

Amati fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ine ndinalankhulabe.

"Mwina ni lezala ya makina."

"Elo vomwe vinapalapala mumbali mwa bowo, ni chija chokwechela kaloti. Munali kaloti mu ulusi."

Ndinatsamira pampando. Mkazi wanga Emmy wakhala akufunafuna chokwechera chake sabata zitatu, ndipo ine ndakhala ndikumuthandiza kufuna.

"Chabwino, mami. Nigula majinzi ya salaula, yaja yovalika kale, mu tauni, yonse bwino. Ning'amba neka kuseli kwa nyumba. Iyi inanitengela maola yatatu."

"Ine kusoka yanayi."

"Pepani."

"Maola seveni, bantu babili bakulubakulu, kuti thalauzi ibwelele pamene inayambila." Anapukusa mutu, n'kutulutsa foni yawo m'thumba la epuloni. "Manje fomu iyi ifunsa ati anaononga katundu ni ndani. Ninasiya posalemba chifukwa sinali kuziba. Pali wonyamula, wogula, wogulisa. Manje naziba."

"Mami, osatinika pa foni."

"Ni imwe wogulisa?"

"Ndine, koma sininaononge."

"Munang'amba?"

"Ninang'amba."

"Na lezala?"

"Na lezala. Koma amene waononga ndimwe."

"Kanshi nitinike pa wogula?"

"Awe, musatinike paliponse."

"Fomu siisiyiwa yosasila, ba Dunstan. Ine sininasiyepo fomu."

Chala chawo chinali m'malere pamwamba pa foni. Panatsala mphindi makumi awiri. Apa nzeru zonse za ku Kabulonga zinandithera, ndipo ndinachita mantha enieni, mantha a bambo amene akuona khomo la chakudya likutsekeka.

"Mami, nikambe zoona. Nchito inasila chaka chatha. Iyi shopu ya pa foni ndiye munda wanga, ndiye ofesi yanga. Majinzi yonse bwino bantu sibagula, yankala chabe mu chola. Nikang'amba, yayenda. Sindine ninapanga ziko kuti inkale so. Komplenti yanu ikafika seventini awazi ikaliko, banivalila shopu, elo ba Emmy bali na pakati pa miyezi seveni."

Anatsitsa foni. Ndinayembekeza chifundo, koma chimene chinabwera chinali mafunso.

"Vamimba ni vina, ivo tizapemphelela. Ine nifuna nimvesese pepala. Pa oda munalemba chani?"

"Dameji jinzi."

"Munatuma chani?"

"Dameji jinzi."

"Mabowo yangati munalonjeza?"

"Sininalembe nambala."

"Munatuma yangati?"

"Yasanu."

"Seveni. Yabili yanali kumbuyo." Anayendetsa milomo ngati akuwerengera. "Ku fakitale, katundu ukalingana na pepala ya oda, upita. Olo ni woipa bwanji. Tinatumako ma yunifomu ya pinki ku kampani ya malonda, chifukwa pepala inakamba pinki."

"Ndiye vamene nikamba, mami."

"Simunakambe ivo. Munakamba va Kabulonga. Manje niyankheni bwino, nifuna niphunzile, nisakalakwenso. Kung'ambika si kuonongeka?"

"Si kuonongeka."

"Pa thalauzi iliyonse?"

"Iliyonse."

"Olo bowo ni ikulu?"

"Ikakula ndiye mtengo ukwela."

"Olo ili kumbuyo?"

"Kumbuyo ndiye fashoni yeniyeni, mami."

"Elo amene asoka ndiye aononga."

"Ndiye aononga katundu wa bene."

"Mwasimikiza?"

"Na mtima wonse."

Ndinkayankha ngati mwana wa kalasi ya ubatizo, mokweza ndiponso mokondwa, poona kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndikupambana mkangano ndi munthu wamkulu.

"Kanshi olakwa ndine," anatero. "Katundu unafika bwino, ine nauononga. Siningabweze chinthu chamene naononga. Jinzi isala kuno, bashi Lubuto bazavala yoonongeka so, bazapilila. Komplenti nichosa. Ni pati?"

"Apo, pa kabatani kofiila. Awe, ako ni kotuma. Aka."

"Ifunsa chifukwa."

"Lembani chabe ati tamvelana."

"Nizalemba zoona." Analemba ndi chala chimodzi, akuwerenga mokweza. "Wogulisa ni wachilungamo. Analonjeza vong'ambika, anatuma vong'ambika. Ang'amba yeka na manja yake."

"Iyo ya kumapeto mungachoseko, mami."

"Ni boza?"

"Si boza."

"Yapita."

Foni yanga inalira m'dzanja. Dandaulo lachotsedwa, sitolo ili moyo, kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinakumbuka mmene amayi anandilerera, kuti wamkulu akakuchitira chabwino sumuthokoza uli chiimire. Ndinadzuka pampando, n'kudzigwetsa pa maondo onse awiri mwamphamvu, manja akuomba.

Phokoso lake linamveka mpaka kumpanda. Galu wa anansi anauwa. Thalauza la ukwati linatseguka kuyambira palamba kumbuyo mpaka pakati pa miyendo, ndipo mphepo ya ku Chelstone inandipatsa moni pamalo pamene sinayambe yandipatsapo.

Ndinakhalabe chogwada. Kutsogolo kwanga kunali minibasi ziwiri, ndi kuyenda pansi pakati pa tauni nthawi yoweruka, Lusaka yense ali kumbuyo kwanga.

Bana Lubuto anavala magalasi, anazungulira kumbuyo kwanga, n'kuwerama.

"Iyi ndiye yabwino," anatero. "Yoongoka. Ilibe na manzele."

"Mami."

"Ikulu, elo ili kumbuyo."

"Mami, napapata, chonde. Makina yali apa. Maminiti yasanu chabe, nizabisala mu bafa."

"Muchite chani mu bafa?"

"Muniyembekeze... awe, niyembekeze imwe musoke. Thalauzi yanga yaonongeka."

"Yachita chani?"

"Yaonongeka, mami."

Anavula tepi m'khosi, anaipinda bwinobwino, n'kuphimba makina ndi nsalu yake.

"Awe, ba Dunstan, ine naphunzila. Siningakuonongeleni katundu kabili pa siku imozi."