Dzina la Kunyumba Limene Tinaika pa Intaneti

Ine, amene pamsika amanditchula kuti Telala Wamfupi, wa zaka 23, ndimakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika, ndipo ndimasoka zovala za ana. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, wa zaka zinayi. Bambo ake amagwira ntchito kutali.

Kusukulu ya mkaka kumene mwanayu amapita kuli lamulo lakuti munthu wina akabwera kudzamutenga, atchule kaye dzina lake la kunyumba. Lake ndi Kachiwala, chifukwa sakhazikika pansi. Tinkalidziwa ndife a m'banja ndi aphunzitsi ake basi.

Mwezi watha alamu anga, amene amakonza mafoni, anandipangira tsamba la pa intaneti kuti ndipeze makasitomala. Tinalitcha Zovala za Ana. Sabata inatha, zii. Alamu atafufuza pa foni panatuluka masitolo ena, lathu osaoneka. Anati, "Alamu, dzina ili lili ngati kukuwa kuti 'amayi' pakati pa msika. Pezani loti palibe wina ali nalo." Nthawi imeneyo mwana anali kudumphadumpha pa nsalu zanga. Tinamuyang'ana, tinaseka, alamu n'kulemba Kachiwala.

Anatinso anthu sadina chithunzi cha diresi lopachika pa msomali, amafuna nkhope. Tinamujambula mwana atavala yunifolomu imene ndinasoka, ataima pageti la sukulu, chikwangwani chili kumbuyo kwake. Pansi tinalemba kuti, "Kachiwala wathu watchena." Zinagwiradi. Foni inayamba kulira.

Lachitatu masana ndili pa makina, aphunzitsi anaimba. Anati, "Mayi, mwatuma amalume ake kudzamutenga mwanayu?" Ine ndilibe mchimwene. Ndinasiya makina ndi nsalu pomwepo n'kuthamanga.

Bambo wodzitcha malumeyo sindinamupeze, choncho izi ndi zimene anandiuza aphunzitsi. Anali wamtali, wa malaya a buluu ndi kapu yakuda, atanyamula masiwiti. Dzina analitchula bwinobwino. Iwo anali atayamba kale kumuveka mwana nsapato, koma mwana anagwira siketi yawo osaisiya. Atatenga foni kuti andifunse, bamboyo anachoka, akuti akukagula mayunitsi. Sanabwerenso.

Madzulo omwewo alamu anafufuta tsambalo. Ndinawafunsa kuti analiona ndani. Anati iwo amangoona kuchuluka kwa anthu, nkhope saziona. Pamene anthu ankachuluka tinkaombera m'manja. Sindikudziwa ngati bamboyo anali mmodzi mwa iwo. Wina amene akanamuuza dzinalo sindikumudziwa.

Dzulo ndinafufuza ndekha mmene alamu anandiphunzitsira. Ndinalemba Kachiwala ndi dzina la sukulu. Chithunzi chinatuluka pamwamba penipeni, geti likuoneka. Ndinazimitsa foni, kuyatsanso, chili pomwepo. Alamu akuti intaneti imachedwa kuiwala, komanso mwina ena anachikopera kale.

Ndikupempha apolisi kuti amufufuze bamboyu, ndiponso andithandize kuti chithunzicho chichoke. Foni ndabwera nayo. Aphunzitsi avomera kudzapereka umboni.

Mwana sanapitenso kusukulu. Ndi uyo wakhala pa benchi apo. Kunyumba tagwirizana kusiya dzina lija. Lero tikulowa pano anathamangira kumsewu, ndinamuitana ndi dzina lake lenileni, sanatembenuke. Mpaka ndinakuwa kuti Kachiwala, anthu onse akumva.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Siginecha ya wodandaula: ______________