Timavu ta Mayi Aliness

Ku Nkhulambe mbozi za ntchemberezandonda zinali zitayamba kuboola chimanga cha mayi Aliness, ndiye mlangizi wa zaulimi, a Wanangwa, anawapatsa botolo la timavu ting'onoting'ono kuti akatitulutse m'munda. Mawa lake, a Wanangwa, munthu wosadziwa nthabwala, anapeza botolo lili pakhonde, litavundikiridwa ndi dengu ngati anapiye.

"Amayi, simunatitulutse?"

"Ndititulutse tipite kuti? Munda wa a Makina wagundana ndi wanga, mpanda palibe."

"Mpanda sungathandize. Timauluka."

"Eya, mwanena nokha." Anakhalira dengu lija. "Mbuzi nditalandira ndinamangira khola. Itinso ndi chiweto."

"Si chiweto, amayi. Ndi mavu, koma a banja lina, osati oluma aja. Tatikazi timaikira mazira m'kati mwa mazira a mbozi, ana ake n'kudya za m'katimo. Mbozi sizibadwanso."

"Nanga tatimuna timatani?"

"Timangokwatira, kenako n'kufa."

"Ii, bola timafa. Mkamwini wanga akadali pompano, akudya."

A Wanangwa sanaseke, anangopukuta magalasi. "Moyo wake ndi wa masiku ochepa. Mukatisunga tifera m'botolomo, chimanga chanu chitha."

"Chabwino. Titimange chingwe kumwendo."

"Mwendo wake suoneka popanda galasi."

"Titiike chizindikiro. Mbuzi timadula khutu."

"Makutu tilibe."

"Ndiye chiweto chosamva, chosamangika, mukuti chipite kukagwira ganyu kwa a Makina? Munthu amene anandikaniza mpini wa khasu?"

"Sitidziwa a Makina. Timangotsata fungo. Kumene mazira a mbozi achuluka, timakhazikika komweko."

Mayi Aliness anayang'ana munda wa a Makina, womwe masamba ake anali ngati sefa. Kenako ananyamuka, n'kupereka botolo ndi manja awiri.

"Katuleni m'munda mwanga, alangizi."

A Wanangwa anakondwa zedi, anaganiza kuti phunziro lalowa. Koma potembenuka anaona mayi aja atamanga chitenje m'chiuno, beseni m'manja, akulowera kwa a Makina.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kukathyola masamba onse a mazira. Ndibweretse kwanga."

"Mukathira mbozi za eni ake m'munda mwanu?"

"Nanga ziweto zanga zizikadya kwa a Makina ine ndili moyo?"