Ayezi wa Nsomba pa Bondo Langa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Dzina langa ndine Barnaba, kwathu ndi ku Nkopola, ku Mangochi. Lero ndakalamba ndipo ndimayenda mwaulemu, koma kale ndinali mnyamata wa liwiro. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene bondo langa lakumanja linatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Ntchito yangayo inali yovuta kuifotokoza kumudzi. Ndinali wosewera hoki, masewero othamangitsa kampira kolimba ngati mwala ndi ndodo yopindika kumapeto. Ndinawaphunzira ku sekondale, ndipo nditamaliza sukulu, cha m'ma 1970, kampani ina ya amwenye ku Limbe inanditenga. Dzina la ntchito linali ukalaliki, koma aliyense ankadziwa kuti za m'sitolo sindinkazitha. Anandilemba chifukwa ndinkasewera kutsogolo mu timu yawo, ndipo zigoli ndinkamwetsa. Bambo anga, amene anali msodzi, ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo amalipidwa chifukwa chothamanga ndi ndodo. Ambiri ankaganiza kuti ndine mlonda.

Tsiku lina tili pabwalo, wosewera wa timu ina anaphonya mpira n'kumenya bondo langa. Ndinadzuka, ndinayesa kuthamanga, ndinagwanso. Pofika mawa lake bondo linali ngati papaya. Kuchipatala anati fupa silinathyoke, ndikangopuma. Abwana anandilola kupita kwathu, koma anandiuza mosabisa kuti mvula ikatha masewero adzayambanso, ndipo ndikadzalephera kuthamanga pa tsiku loyesa osewera, malo anga adzatenga wina. Malo a mu timu akapita, ukalaliki nawonso unali kupita. Ndipo alongo anga awiri ankaphunzira sukulu chifukwa cha ine.

Ndinafika kwathu ndikutsimphina, ndipo amayi anga anandilandira ndi chikondi chimene chinatsala pang'ono kundimaliza. Kwathu chotupa chilichonse timachithowa. M'mawa uliwonse amayi ankawiritsa madzi, kuviika nsanza, n'kukanikiza bondo ndi manja awo ozolowera munsi. Ine ndikamakuwa, iwo ankati ndiye kuti mankhwala akulowa. Bondo linkangotupirabe.

Nditapita kuchipatala cha mishoni, adokotala analigwira n'kupukusa mutu. Anati ndisiye kulithowa ndi kulikanikiza, ndiziikapo ayezi, mwendo ndiziukweza m'mwamba, ndipo likaphwa ndiyambe kuyenda m'madzi osaya. Ndinaseka kuseka kwa munthu wachisoni. Mudzi wathu unalibe magetsi. Firiji inali kuhotela ya alendo, kumene munthu wa patapata ngati ine sankadutsa pageti. Nditawauza amayi, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Kuziziritsa mwendo wa munthu wamoyo? Chimene chimazizira ndi mtembo, Barnaba. Bwera kuno, madzi awira."

Mvula inayamba kuchepa, chimanga chinayamba kucha. Mnzanga wina wochokera ku Limbe anandiuza kuti kwabwera mnyamata watsopano amene akumwetsa zigoli ngati akuseweretsa. Abale, ndinataya mtima. Ndinkachita mantha, ndinkachitanso manyazi poona bambo anga akubwera kunyanja atatopa, ine mwana wawo wamkulu nditangokhala pakhonde. Lamulungu lina m'tchalitchi anthu onse anagwada, ine ndinalephera. Ndinakhala pabenchi mwendo uli chiwongolere, ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse a m'moyo wanga. Ndinati, "Ambuye, kugwada sindingathe, mukuona nokha. Mawu okoma ndilibe. Ndikupempha ayezi." Nditati ameni ndinadzimva wopusa, poganiza kuti anzanga akupempha chikhululukiro cha machimo ine ndikupempha madzi ouma.

Sabata yomweyo lole ina inaima pamsewu pafupi ndi nyumba yathu, injini ikufuka nthunzi. Dalaivala wake anatsika ndi chigubu kudzapempha madzi. Anali bambo wamfupi, wovala kofiya, dzina lake Che Amidu, ndipo ankanyamula nsomba kuchokera ku Nkhudzi kupita nazo ku Limbe. Podikira kuti injini izizire anakhala nane pakhonde n'kufunsa za mwendo. Ndinawafotokozera zonse mongocheza, mpaka za mankhwala a adokotala amene sapezeka kwathu. Anadzuka, anapita kumbuyo kwa lole, anabwera ndi chibenthu chachikulu ngati njerwa atachikulunga m'chiguduli, mamba a chambo atamatirira ponseponse.

"Ayezi wake ndi ameneyu, achimwene?" anatero. "Ife timayalira nsomba. Zibenthu zotsala zimangosungunukira mumsewu. Ndikamadutsa ndiziliza hutala, Insha Allah."

Ndinachilandira ndi manja awiri, ndipo misozi inalengeza m'maso. Koma vuto limodzi linali lidakalipo, ndilo amayi anga ndi mphika wawo. Apa ndi pamene ndinaona kuti Mulungu akamayankha saiwala mbali ina. Masiku omwewo apampando a chipani analengeza kuti amayi onse azipita kuboma kukakonzekera magule a msonkhano waukulu. Nthawi imeneyo zoterezi munthu sankakana. Amayi anga ankanyamuka m'mamawa atavala nsalu ya chipani, n'kubwera miyendo ili lendelende, osafunanso kumva za bondo la wina aliyense. Sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzathokoza Mulungu chifukwa cha magule amenewo, koma ndinathokoza.

Che Amidu anasunga mawu awo. Hutala ikalira, bambo anga ankathamangira kumsewu, n'kudzakwirira chibenthucho m'utuchi umene anapempha kwa wopala mabwato kuti chichedwe kusungunuka. Ine ndinkagumula pang'onopang'ono n'kumanga pabondo. Kunena zoona, ndinkanunkha. Amphaka onse a m'mudzi anasamukira pakhonde pathu, ndipo atsikana a kwaya anayamba kukhala benchi lakutali. Koma kutupa kunayamba kuphwa, mpaka m'mawa wina ndinaonanso fupa la bondo langa ngati mnzanga amene anapita ku Joni kalekale. Ndinayamba kuyenda m'madzi osaya monga anandiuzira adokotala, kenako kuthamanga pamchenga, kenako kumenya zipatso zouma za mgwalangwa ndi ndodo yanga.

Magule atatha, amayi analiyang'ana bondo lija, analigwiragwira, n'kunena mokhutira kuti, "Waona? Kuthowa kwanga kuja kwayamba kugwira ntchito." Bambo anayang'ana kumbali. Ine ndinangoti zikomo amayi, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya ankakhulupirira choncho.

Tsiku loyesa osewera litakwana, Che Amidu anandinyamula okha. Kutsogolo kunali kodzaza, choncho ndinakhala kumbuyo pakati pa mabokosi a nsomba, mwendo uli pa ayezi ulendo wonse. Ndinatsikira pafupi ndi bwalo, osapezanso mpata wosintha malaya. Mnyamata watsopano uja ndinamuona, ndipo anthu sananame, ankathamanga zedi. Masewero atayamba ndinkasewera mozemba, kuopa kuponda ndi mphamvu. Kenako mpira unabwera kudzanja langa lamanja, wotchinga kumbuyo akubwera ngati ng'ombe. Panalibe njira ina koma kuponda ndi mwendo womwe uja n'kutembenuka. Mumtima ndinangoti Ambuye. Ndinaponda, ndinatembenuka, bondo linagwira. Ndinamenya mpira, ndipo ndinamva thabwa la kumbuyo kwa golo likulira kuti pho.

Pamapeto akaputeni a timu anabwera kudzandigwira chanza, koma anaima patali pang'ono. "Malo ako ndi ako, Barnaba," anatero. "Koma kasambe kaye."

Nditasamba ndinapita kumsika wa nsomba kukawafuna Che Amidu. Ndinawapeza akutsuka lole. Ndinayamba kuthokoza ndi mawu ambirimbiri, koma anandidula.

"Mukundithokoza chiyani, achimwene? Amene anatenthetsa injini pakhomo panu si ine."

Ndinasewera zaka zambiri pambuyo pake, ndipo alongo anga onse awiri anamaliza sukulu. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosagwada, n'kuliyankha kudzera mwa Msilamu amene sanalowepo m'tchalitchi mwathu. Inu amene mwakhala pakhonde lero ndi vuto lanu, musachite manyazi kutchula chimene mukusowa ndi dzina lake, ngakhale chikhale chaching'ono kapena choseketsa. Pirirani, pempheranibe, ndipo mlendo akaima pakhomo panu kupempha madzi, mupatseni mpando. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.