Ufulu Si Ofu

Inali fo koloko masana m'mwezi wa Seputembala, nyengo imene chinyezi cha ku Dubai chimamata malaya pamsana ngati ulimbo. Pa benchi ina m'mphepete mwa dziwe la ku Jumeirah Lake Towers panakhala a Potiphar Kachingwe, mlonda wa imodzi mwa nyumba zazitali za m'deralo, ndi Edinah, mwana wa mlongo wawo, amene amalera ana m'banja lina komweko.

Edinah anabwera ndi nkhani imodzi yokha. Bambo wa m'banjalo, amene amagwira ntchito ku banki, amusamutsira ku Hong Kong, ndipo madamu akufuna kumva isanakwane faifi koloko ngati iye apita nawo, poti mapepala a viza ayambika mawa. Akakana, ntchito ithera pa mapeto a mwezi. A Potiphar, amene analonjeza mlongo wawo kuti adzayang'anira mwanayu kunja kuno, anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Supita," anatero.

"Chifukwa chiyani, malume?"

"Kulibe ufulu."

"Ilipo. Madamu ati ndi lamulo la kumeneko, tsiku limodzi sabata iliyonse."

"Ndati ufulu, iwe. Sindinati ofu."

"Zimasiyana pati?"

A Potiphar anapumira m'mwamba. Pa desiki yawo ya ulonda maola amatalika, ndipo iwo anawadzaza ndi kuwerenga za maiko pa foni, mwakuti funso limeneli analiyembekezera kwa zaka zinayi popanda wowafunsa. Anayambira kutali. Anafotokoza kuti mzindawo unali m'manja mwa Angelezi kwa zaka zoposa zana ndi theka, monga mmene ife tinalili m'manja mwawo, koma kuti pamene ife anatisiyira dziko lathu, iwowo mu 1997 anawachita handova kwa Matchaina.

"Handova ngati yanu ija ya pa risepishoni?" anafunsa Edinah.

"Ya dziko."

"Anawerengerana makiyi?"

"Anasainirana. Anati kwa zaka fifite sipasintha kanthu."

"Fifite? Ndiye kontirakiti yabwino imeneyo. Yanga ndi ya zaka ziwiri, koma inasintha sabata yoyamba."

"Mfundo si imeneyo. Eni mzindawo sanawafunse."

"Nanga nthawi ya Angelezi, bwanamkubwa wawo ankamusankha ndani?"

A Potiphar anatsokomola, n'kuvomera chapansipansi kuti ameneyo ankachita kutumizidwa kuchokera ku London.

"Oho," anatero Edinah, akugwedeza mutu ngati wamvetsa. "Ndiye angosintha kampani ya alonda."

Malumewo anakana kwamtuwagalu. Anati nthawi imeneyo munthu ankatha kunena zakukhosi osayang'ana kumbuyo, ndipo pofuna kuti zimenezi zisathe, Angelezi ndi Matchaina anagwirizana kuti likhale dziko limodzi koma machitidwe awiri. Anaimika chala chimodzi cha kumanja ndi ziwiri za kumanzere kuti mwanayo aone bwino.

"Zimenezo ndimazidziwa," anatero Edinah. "Ngati firiji ya madamu. Firiji imodzi, mashelefu awiri, yawo pamwamba, yanga pansi."

"Tinene choncho."

"Sizikhalitsa. Mwezi wachitatu pa shelefu yanga panafika chakudya cha mphaka."

"Eya, ndi zimene ndikunenazo."

"Ndiye ndinazolowera kale, malume. Sindikavutika."

A Potiphar anapukuta thukuta ndi chikhatho. Anasiya mbiri yakale n'kulowa mu za posachedwa. Anati anthu a mzindawo sanangokhala chete: anatuluka mu misewu zikwizikwi, ana asukulu, maloya, ogulitsa m'masitolo, aliyense atanyamula ambulera.

Nkhope ya Edinah inawala. "Kumagwa mvula?"

"Ankatchinga utsi wokhetsa misozi."

"Koma mvula imagwa?"

"Imagwa."

"Yadzinja, yonunkhira dothi?"

"Edinah, ndikukuuza za anthu amene ali m'ndende."

"Pepani. Anaba chiyani?"

"Sanabe. Analankhula."

Anapitiriza kuwerenga mavutowo: nyuzipepala zina zinatsekedwa, ena anathawira kunja, ndipo wofuna kuimira pa chisankho amayamba wapimidwa kaye ngati ali wokonda dziko m'njira imene akuluakulu akufuna. Mawu awo ankakwera ndi chiganizo chilichonse, mpaka pamene galimoto yaing'ono yolondera inadutsa pang'onopang'ono m'kanjira ka m'mbali mwa dziwe. Apo anatsitsa mawu, ndipo chiganizo chonena za boma loopa anthu ake anachimalizira m'khutu mwa Edinah.

"Mwatsitsiranji mawu?" anafunsa iye mokweza. "Matchaina afika kuno?"

"Pakhosi pauma."

"Ndili ndi madzi."

"Sunga."

Galimotoyo itakhota, a Potiphar anaona kuti mwanayu nthano sizimulowa, ndipo anaganiza zomupatsa muyeso woti agwire m'manja. Anati dziko loyenera munthu limadziwika ndi zinthu zitatu. Choyamba, mtsogoleri umasankha wekha. Chachiwiri, zikakunyansa umalowa mumsewu ndi chikwangwani, madzulo n'kukagona kunyumba kwako. Chachitatu, nyuzipepala imajambula pulezidenti ndi mphuno yaikulu, wojambulayo n'kudzuka mawa lake ali pa ntchito. Kumene kulibe zitatuzi, anatero, ngakhale nyumba zitafika m'mitambo, munthu amangokhala ngati nkhuku ya m'khola la magalasi, ndipo mwana wa mlongo wawo sangakhale kotero iwo ali moyo.

Edinah anatambasula zala zitatu n'kuziyang'ana kwa nthawi ndithu.

"Ku Hong Kong, ziro," anatero, akupinda zonse.

"Waona tsopano."

Anazitambasulanso. "Nanga kuno, tinavota liti?"

"Kuno ndife alendo."

"Eni ake amavotera mfumu?"

"Tsitsa mawu."

"Chikwangwani munanyamulapo? Paja pasipoti yanu ikadali mu dilowa ya abwana anu."

"Akundisungira."

"Ndiye kunonso ziro." Anapinda zalazo mofatsa, chimodzichimodzi, ndipo a Potiphar anayang'ana madzi obiriwira a m'dziwemo, amene saoneka kuti akupita kulikonse.

Nthawi inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane faifi koloko. Edinah anatulutsa foni m'kachikwama n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, lilime lili pakati pa mano. Anati malume amutsegula maso ndipo akuthokoza, poti akanapita m'chimbulimbuli. A Potiphar anawongola msana, nkhope yawo ikuonetsa kukhutira kwa munthu amene wapulumutsa mbale wake m'kamwa mwa ng'ona. Anamulangiza kuti akane mwaulemu, ndi kuti ntchito ina iwo amufunira konkuno, inshala, Mulungu akalola, ngakhale kutsidya lina la mzinda, ku Silicon Oasis.

"Konkuno ayi," anatero Edinah osadzutsa mutu. "Ndikuwauza andigulire tikiti ya ku Lilongwe."

"Ya kuti?"

"Kwathu. Zonse zitatu zilipo. Timavota, zionetsero ndiye sizisowa, ndipo mphunoyo amajambula sabata iliyonse."

"Iwe, kumudzi?"

"Mwanena nokha kuti ndisakhale m'khola."

"Ndimanena mwachitsanzo."

"Ine ndamva mwa Chichewa."

A Potiphar anayamba kulankhula mofulumira. Anamukumbutsa za mizere ya mafuta, za shuga wosowa m'magolosale, za achinyamata a madigiri amene amagulitsa mayunitsi pansi pa mitengo, za mayi ake amene feteleza wa chaka chino akuyembekezera kwa iye. Pa chilichonse Edinah ankangoimika zala zitatu zija, mwaulemu, ngati mwana wa sukulu amene walowezadi phunziro. Chala chake chachinayi chinali chikuyandikira pa batani lotumizira.

Malumewo anagwira dzanja lake.

"Ukadya chiyani kumeneko, inki ya pachala?" anatero. "Lemba kuti ukupita ku Hong Kong. Za ufuluzo uzikawerenga pa foni, ngati ine."

Edinah anafufuta zonse zimene analemba, n'kulemba liwu limodzi lalifupi lovomera, n'kutumiza. Anawaonetsa foniyo kuti awerenge okha, anasiya botolo la madzi pa benchi, n'kunyamuka kulowera ku nyumba ya madamu.